Mapira Amene Anavala Malaya

Pali nkhani imene anthu a kuno ku Nsefu amakonda kuikamba pamaliro akatopa ndi kulira, kapena padoko akamayembekeza bwato. Akuti chaka china kalaliki wopuma pantchito anazungulira mutu, nasoka malaya n'kuveka mapira ake m'munda. Kalaliki ameneyo ndine. Malaya analipo, sindikana, ndipo mapira anavaladi. Koma mutu wanga sunazungulire, ndipo mwa amene amakamba nkhaniyi, ambiri anali asanabadwe, pamene ena analipo koma phazi lawo silinaponde m'mundamo. Chifukwa chake ndiilongosola monga mmene inachitikira.

Ine sindine mbadwa ya mudzi uno. Kwathu ndi ku Msoro, kumene ndinayambira sukulu pamishoni ndisanapite ku sekondale. Ukalaliki wa mu ofesi ndinaugwira ku Chipata zaka zambiri, ndipo nditapuma ndinadzakhala kwao kwa akazi anga monga mkamwini aliyense. Munda umene ndinkalima unali wa banja lawo. Anthu ankandilemekeza, ankanditcha a Kalaliki, koma pokambirana za mudzi mawu anga ankamveka ngati a mlendo amene wachedwa kutsanzika.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kunagwa chilala chimene akulu okha ndiwo amachikumbukira bwino. Chimanga chinapsa chisanamasule, mitsinje ing'onoing'ono inasanduka mchenga, ndipo tinapulumukira chimanga chachikasu chogawidwa. Achinyamata a lero amati chimangacho chinali cha boma. Ayi. Chinachokera kutsidya kwa nyanja, chinatsikira m'madoko a maiko oyandikana nafe, ndipo chinadutsa malire angapo chisanafike pamsana pa njinga zathu. Anthu amene sitidzawaona anagwirizana kuti tisafe. Ndimanena zimenezi chifukwa zimene zinatsatira zinachokera mumgwirizano womwewo.

Nyengo ina ya dzuwa, njala itangopepuka, kunabwera galimoto ili ndi alangizi a zaulimi a m'boma lathu ndi mayi wina wa ku Zimbabwe, katswiri wa mbewu. Tinasonkhana pansi pa mtengo wa pasukulu. Mayiyo ankayankhula Chinyanja chothyokathyoka, chosakaniza ndi chinenero cha kwao, koma zimene ananena zinamveka. Anati mvula yasintha khalidwe, imabwera mochedwa n'kuthawa msanga, ndipo si m'chigwa chino mokha. Anati maiko a kuno kummwera, mothandizidwa ndi ena akutali, anagwirizana kuyesa mapira aafupi okhwima msanga, amene angakolodwe ngakhale mvula itadukiza. Mbewu yomweyo inali kudzalidwa chaka chimenecho ku Malawi, ku Mozambique ndi kwao ku Zimbabwe, munda umodzi m'dera lililonse.

Kenako anakweza kathumba kochepa kotheka kulowa m'thumba la jekete.

"Ya chigwa chino ndi iyi yokha," anatero. "Kudutsitsa mbewu pamalire n'kovuta. Ikabereka, mbewu ya anthu onse idzachokera m'munda womwewo. Ikatayika, palibe ina."

Pali amene amati ndinasankhidwa chifukwa ndinapereka moni m'Chingerezi. Moni ndinaperekadi, pakuti mlendo sapatsidwa moni m'chinenero chimene chikumuvuta. Koma kusankhidwa kunalibe. Alangizi anafunsa kuti ndani alandire kathumbako, ndipo amuna onse anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwao. Chete ameneyo atatalika mpaka kuchititsa manyazi, ndinaimirira.

Pamodzi ndi mbewu, mayiyo anandipatsa chingwe chachitali chokhala ndi mfundo zotalikirana mofanana. Pamfundo iliyonse panayenera kukhala phando limodzi, mizere yowongoka, osasakanizamo maungu, khobwe kapena therere. Anandiuza kuti alimi a m'maiko enawo analandira chingwe chofanana ndi chimenechi, ndipo ngati wina adzala mwa njira yake, minda sidzatheka kuyerekezedwa. Ndinamulonjeza kuti sindidzaphonya mfundo ngakhale imodzi.

Apa ndi pamene panayambira kusamvana. Kwathu kuno munthu akafuna kudzala munda waukulu amaitana dima: akazi amafulula mowa kapena thobwa, anansi amabwera ndi makasu, ntchito imatha tsiku limodzi. Koma dima si ntchito ya tsiku limodzi lokhalo. Amene anamwa pa dima lako ali ndi gawo m'mundamo. Nyani akalowa amathamangitsa, mbalame zikagwa amakuwa. Amene wadzala yekha wanena ndi khasu lake kuti adzalondanso yekha. Mwambowu ndinkaudziwa. Koma ndinkadziwanso mmene dima limadzalira: nyimbo ili pakamwa, chikho chikuzungulira, wina akuponya njere uku akuyang'ana kumwamba, mayi wina akubisa nthanga za maungu m'phando chifukwa sangaone nthaka ikungokhala. Mbewu ya m'kathumba kamodzi sikanapirira zimenezo.

Mlongo wa akazi anga, amene ine ndimamutcha alamu, anandipeza ndikukhoma zikhomo za chingwe mvula yoyamba itagwa.

"Alamu, mukuyeza manda a ndani?"

"Ndikuyeza mapando, alamu."

"Mapando amayezedwa ndi phazi. Nanga mowa uli kuti? Pakhosi pathu pauma ndi kukuyembekezani."

"Chaka chino ndidzala ndekha. Ndi lamulo la mbewuyi."

"Mbewu ili ndi lamulo! Inapita ku sekondale nayonso?" Anaseka mpaka kugwira khasu ngati ndodo. "Chabwino, a Kalaliki. Dzalani ndi rula yanu. Ife osaphunzira tidzaonera patali."

Alamu ndi munthu wanthabwala, ndipo chilamu chimalola zotere. Ndinaseka nawo. Koma mawu omalizawo sanali nthabwala, ndipo tonse awiri tinadziwa.

Mapira atangomera, kunabwera uthenga wakuti mwana wathu wamkazi ku Chipata ali pafupi kuchira mwana wake woyamba. Akazi anga anayenera kunyamuka mitsinje isanadzaze, pakuti dothi lathu lamakande likanyowa silidutsa galimoto, ndipo ngakhale njinga imanyamulidwa paphewa. Anandisiyira ufa, nsomba zouma ndi mchere.

"Atate a ana, mukanaitana anthu," anatero akumanga katundu. "Ngakhale thobwa chabe."

"Ndinalonjeza, amai."

"Munalonjeza mlendo. Mlendo wapita."

Anati adzabwera njira ikauma.

Miyezi yoyamba inandikomera. Mizere inali yowongoka moti anthu opita kumtsinje ankachepetsa liwiro. Pakati pa dzinja kunachita ng'amba yaitali. Chimanga cha anansi chinapinda masamba, nachita imvi, pamene mapira anga anangoima phee, ofika m'chiuno, obiriwira. Sindinanene kanthu kwa munthu. Sikunali kofunika.

Kenako anatulutsa ngala, ndipo njere zinayamba kudzaza mkaka. Nthawi imeneyo mapira aatali a makolo, amene anthu ena ankadzalabe, anali masamba okhaokha. Amenewo amacha dzinja litatha, onse pamodzi. Kucha pamodziko ndiko chitetezo chathu chakale. Mpheta zikabwera zimagawikana m'minda yambiri, aliyense amataya pang'ono, zingwe za zitini zimalumikizana kuchokera pansanja ina kufika pa ina, ndipo mfuu ikayamba kumtunda imatsika mpaka kudambo. Chaka chimenecho, m'dera lonse kuyambira kumalire a paki ya nyama zakutchire kufikira kumtsinje, chakudya cha mbalame chinali m'munda umodzi wokha.

Amene sanaone mpheta za m'chigwa asaganize za timbalame tiwiri titatu ta pakhomo. Zimabwera ngati utsi wa lupsa, zimatembenuka zonse pamodzi, ndipo zikatera pamunda umamva phokoso ngati la mvula pamalata. Ndinamanga nsanja pakati pa munda, ndinakoka zingwe kumakona onse, ndinapachika zitini zokhala ndi timiyala. Kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa ndinkakoka, kukuwa, kuponya zibuma. Ndikathamangitsa kummawa zinkatera kumadzulo. Mawu anga anasasa mpaka kutha. Munthu amene anazolowera kukhala padesiki, amithenga akumuimirira, anasanduka choopsezera mbalame.

Chakudya ndinkaphika kamodzi, madzulo, ndipo mkute wake ndinkapita nawo kumunda. Kutchalitchi ndinaleka kupita, pakuti mpheta sizidziwa Sabata. Mphepo ikachokera kumudzi ndinkamva nyimbo za mapemphero, ndipo ndinkazindikira kuti malo anga owerengera mawu apatsidwa wina, amene ankadumpha mawu aatali. Anthu ankadutsa m'njira ya m'mbali mwa munda. Ankapereka moni, mwaswera bwanji a Kalaliki, ine n'kuyankha ndi dzanja. Palibe amene anandichitira chipongwe. Palibenso amene anapatuka.

M'masiku amenewo ndinapeza chizolowezi chimene sindinauzepo munthu pa nthawiyo. Dzuwa likafika paliwombo mbalame zinkapuma pang'ono m'mitengo, ndipo ine ndinkakhala pansanja n'kumaganiza za alimi anzanga a chingwe chija. Ndinkaona wa ku Zimbabwe ngati bambo wamtali wosakonda kuyankhula. Wa ku Malawi ndinkamuyesa mphunzitsi wopuma. Wa ku Mozambique sindinkatha kumuona nkhope, koma ndinkakhulupirira kuti nayenso mawu amuthera. Ndinkadzifunsa ngati mapira awo afika pamene afika anga, ngati kwao mbalame n'zochuluka chomwechi, ngati akazi awo ali pakhomo. Mayina awo sindinkawadziwa, iwonso langa sankalidziwa. Komabe m'nyengo yonseyo anthu amene ndinkawamva kuti ali nane pantchito imodzi anali amenewo, okhala kuseri kwa malire atatu, osati amene utsi wa nyumba zawo ndinkauona.

Munthu mmodzi yekha ankakwera pansanja yanga. Anali sikauti wa zanyama wa pakampu ya pafupi ndi paki, mlendo ngati ine, wochokera kumpoto. Anthu a m'mudzi sankamukonda chifukwa cha misampha yawo imene ankatola. Pobwera kolondera ankatsamiritsa mfuti pamtengo n'kukwera kudzapempha madzi.

"Mdala, nkhondo ikuyenda bwanji?"

"Adani achuluka, bwana sikauti. Simungaombeko kamodzi?"

"Njovu ndingaiopseze. Mvuu ndingakambirane nayo. Koma mpheta? Boma likamva kuti ndawononga chipolopolo pa kanthu kosakwana ndiwo, lindituma kolondera ng'ona."

"Ndiye mundisiya ndife ndekha?"

"Simufa, mdala. Anthu ouma mutu safa msanga. Taonani ine."

Ankakoka zingwe kanthawi kuti manja anga apume, kenako n'kupita. Patapita masabata anamutumiza kukampu ina ya m'kati mwa paki, ndipo nsanja inakhalanso ya munthu mmodzi.

Njere zisanalimbe, malungo anandigwira. Tsiku loyamba ndinalimbikira. Lachiwiri ndinatsika pansanja ndikukwawa, ndipo ndinagona pamthunzi ndikumva mpheta zikudya pamwamba panga. Ndinaona kuti ndikagona masiku ochepa chabe, mbewu ya chigwa chonse ithera m'mimba mwa mbalame. Ndinanyamuka ndi ndodo kupita kwa alamu. Ndinawapeza akutsuka pampu yopopera thonje.

"Alamu, thupi landikana. Ndithandizeni ndi munthu mmodzi wokhala pansanja mpaka ndichire."

Anaitana akazi awo kuti andipatse mpando ndi madzi, ndipo anatumiza kukatenga mapiritsi a malungo amene anali nawo m'nyumba. Pa zimenezo sanandimane.

"Mankhwala imwani, alamu. Phala lidzabwera kunyumba kwanu mmawa ndi madzulo. Koma za kumunda, nditume ndani? Ndikauza anthu kuti tiyeni kwa a Kalaliki, adzandifunsa kuti tinamwa liti. Ndidzayankha chiyani?"

"Mbewuyo ndi yanu nonse."

"Ikanakhala yathu tikanaigwira m'manja podzala. Ife tinangoiona pachingwe."

Ena amakamba kuti ndinawagwadira alamu, ena amati tinatukwanana. Zonsezo n'zabodza. Ndinathokoza chifukwa cha mankhwala, ndinatsanzika, ndinabwerera. Phala linabweradi monga ananenera.

Ndili chigonere pamphasa masana amenewo, maso anga anagwa pabokosi lachitsulo limene ndinabwera nalo kuchokera ku Chipata. Munali malaya anga a ku ofesi, oyera, opindidwa bwino, amene ndinkavala Lamulungu ndi pamaliro a anthu olemekezeka. Ndinaganiza motere: munda wonse sindingaupulumutse, ndipo mayi uja sanandipemphe nkhokwe, anandipempha mbewu. Mbalame siidya chimene siingachifikire. Ndinayamba ndi neti yotchingira udzudzu, ndinaidula tizidutswa, koma inatha msanga. Kenako ndinatsegula bokosilo.

Mkono umodzi wa malaya, ukamangidwa kumapeto, umakwana ngala imodzi yaikulu. Msana umatulutsa timatumba tingapo. Ndinasoka ndi singano ya akazi anga, ulusi ukukana kulowa. Ndinadula malaya onse kupatula amene anali pathupi, ndinadulanso mathalauza akhaki. Kutacha ndinayenda m'mizere pang'onopang'ono, ndikusankha ngala zonenepa zimene mpheta zinali zisanakhudze, n'kuziveka, n'kumanga pakhosi ndi luzi. Ndikatopa ndinkakhala pansi. Ntchitoyo inanditengera masiku, ndipo tsiku lililonse ngala zoyenera kuvekedwa zinkachepa.

Amayi opita kukatunga madzi ndiwo anayamba kuona. Anaima m'njira mitsuko ili pamutu, ndipo kuseka kwawo kunafika mpaka kumudzi. Madzulo ake alamu anadzaima m'malire a munda.

"Alamu! Tayi mwaiwala! Akapita bwanji ku ofesi opanda tayi?"

Ine ndinapitiriza kumanga, luzi lili pakamwa. Nkhani ya misala inabadwa tsiku limenelo.

Nditamaliza ndinapita kukagona, ndipo ndinadwala kwenikweni. Pamene ndinadzukanso, munda unali mapesi okhaokha a ngala zopanda kanthu, zoyera ngati zapsa, ndipo pakati pake panali timatumba tanga tikugwedezeka ndi mphepo. Mbalame zinali zitapita. Sindinamvepo chete wotero m'munda.

Si zonse zimene zinapulumuka. Ngala za m'khaki zinachita nkhungu chifukwa nsaluyo inasunga chinyezi. Za muneti zina mpheta zinajompha kudzera m'mabowo. Koma za m'malaya oyera zinakhwima bwino, njere zolimba, zowala. Ndinazidula, ndinaziyanika pakhonde ndikuzilondera, ndinazipuntha ndi manja. Zinadzaza mtsuko umodzi wa madzi. Ndinasakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, ndinamata pakamwa pake ndi dothi.

Akazi anga anabwera njira itauma, ali ndi nkhani za mdzukulu. Anaona munda, anaona mtsuko, anatsegula bokosi.

"Mwaonda," anatero. "Nanga kutchalitchi muzivala chiyani?"

Lamulungu lotsatira ndinapita ndi malaya a kumunda, ochapidwa bwino, ndipo ndinakhala kumbuyo.

Alendo aja anali atalonjeza kudzaona mapira ali m'munda, koma msewu unawatsekera kunja mpaka nyengo yozizira. Galimoto itafika, mayi wa ku Zimbabwe munalibe. Munali alangizi athu aja ndi mnyamata wa ku Lusaka wovala nsapato zosayenera minga. Anati mayiyo anatumizidwa kudziko lina kumene chilala chinali chitakula. Anayang'ana mapesi, napukusa mutu, nati m'madera ena mbalame zinavutanso, koma osati chomwechi. Ndinawafunsa za alimi a m'maiko enawo, ngati anakolola. Anati ena anakolola, ena ayi. Za munthu payekha sankadziwa.

Ndinawatengera kunyumba n'kuswa dothi la pamtsuko. Mnyamatayo analowetsa dzanja, naluma njere imodzi, nandigwira chanza ndi manja awiri. Anatapa kapu imodzi yokha yoti akaiyeze.

"Yotsalayi ndi ya chigwa chino, atate. Ife chaka chamawa tidzakhala kumadera ena. Muwauze anzanu adzale ambiri, minda yoyandikana, tsiku limodzi."

Ananena zimenezi mopepuka, ngati munthu wouza mnzake kuti atseke chitseko, ndipo anakwera galimoto.

Mitambo itayamba kusonkhana, ndinayenda khomo ndi khomo. Ndinafotokoza za ng'amba ija, mmene chimanga chinafotera mapira ali chiimire, zimene onse anaziona ndi maso awo. Ambiri anandilandira mwaulemu. Ena anafunsa ngati mbewuyo imabwera ndi telala wake. Akazi anga anafulula thobwa lokwanira mudzi wonse, ndipo ndinalengeza dima kutchalitchi.

Mvula itagwa kunabwera anthu atatu: amayi awiri amasiye amene minda yawo inagundana ndi wathu, ndi mkazi wa sikauti uja, amene anatsala kuno mwamuna wake atasamutsidwa ndipo anabwereka kachigawo kumalire. Thobwa lambiri linasasa m'mbiya. Tinadzala minda inayi yoyandikana, ine ndikugwira chingwe kumapeto kuno, akazi anga kumapeto uko. Amasiye aja anaponyamo nthanga za maungu ndikuona, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Dzuwa litapendeka alamu anadutsa m'njira, khasu lili paphewa. Anaima, anayang'ana mizere, anati mwaswera bwanji, tinayankha, anapitirira.

Sindinadzale mbewu yonse tsiku limenelo. Theka ndinalisiya mumtsuko n'kumatanso dothi, pakuti za mvula sindinali wotsimikiza, ndipo za anthu chimodzimodzi.